Ululu wa pambuyo pa opaleshoni ya mtsempha wa m'bondo kwa wachinyamata

Mayi wina wa ku Zomba walemba kuti mwana wake wamkazi wa zaka 15, wolemera makilogalamu 52, anavulala bondo akusewera mpira wa ntchemberembaye kusukulu. Madokotala apeza kuti mtsempha wa m'kati mwa bondo wotchedwa ACL unaduka, ndipo akonza zomuchita opaleshoni pakapita masabata awiri. Mayiyu akufunsa kuti ululu udzakhala waukulu motani, ndi mankhwala ati amene ali oyenera msinkhu wa mwanayo, ndiponso ngati mankhwala amphamvu sangamulowerere. Akutinso agogo ake a mwanayo ayamba kale kunena kuti akadzatuluka m'chipatala azidzamuthowa ndi madzi otentha.

Mayi, mwachita bwino kufunsa opaleshoni isanachitike, chifukwa ululu wa opaleshoni imeneyi umagonja msanga kwa banja limene lakonzekera kusiyana ndi limene likuyamba kusakasaka mankhwala mwana atayamba kale kulira. Ndinene poyambirira kuti mwana wanu adzamva kuwawa, makamaka masiku atatu oyamba, ndipo palibe mankhwala otetezeka amene angachotse ululu wonse. Chimene timafuna n'chakuti ululuwo uchepe mpaka mwanayo azitha kugona usiku, kuwongola bondo lake ndi kulimbitsa mnofu wa pantchafu, pakuti zinthu zitatu zimenezi ndi zimene zimasonyeza ngati bondo lidzachire bwino.

Ululu umachokera malo angapo, ndipo kuwadziwa kumathandiza kuti musadzidzimuke. Mtsempha woduka sausoka ngati nsalu. Dokotala amatenga mtsempha wina m'mwendo womwewo, kawirikawiri wa kuseri kwa ntchafu, wa pamwamba pa bondo, kapena wa pansi pa kafupa kozungulira ka patsogolo pa bondo, n'kuuika m'malo mwa woduka uja. Kuti augwiritse, amaboola fupa la ntchafu ndi fupa la msongolo, akuonera pa kamera yaing'ono yolowetsedwa pa timabala tiwiri kapena titatu. Choncho timabala timene mudzaone pakhungu ndi tating'ono, koma m'kati muli mafupa oboola, muli magazi amene akhetsedwera m'bondo, ndipo pali malo amene pachotsedwa mtsempha. Ana ambiri amadabwa kuti kuseri kwa ntchafu kukuwawa kuposa bondo lenilenilo, ndipo ena amadandaula za ntchafu yonse chifukwa cha lamba amene amamangidwa pamenepo kuti magazi asamatuluke opaleshoni ili m'kati. Kwa mwana amene akukulabe, dokotala amayamba wajambula mafupa kuti aone ngati malo okulira a kumapeto kwa fupa atsekeka, popeza kutalika kwa mwendo kumachokera kwambiri pa malo awiri amene ali pafupi ndi bondo. Mtsikana wa zaka 15 nthawi zambiri amakhala atatsala pang'ono kumaliza kukula, komabe chithunzi cha mafupa ndi chimene chimapereka yankho.

Usiku woyamba ndi umene ndikufuna muuganizire kwambiri. Pa opaleshoni, dokotala wogoneka odwala amatha kubaya mankhwala ochititsa dzanzi pafupi ndi mtsempha wonyamula uthenga wa ululu, mwina pamphechepeche kapena pakati pa ntchafu, ndipo mwina dokotala wa mafupa amathiranso mankhwala omwewo m'bondo ndi m'mabala. Jakisoni wa pamphechepeche amapha ululu bwino, koma amafooketsanso mnofu waukulu wa patsogolo pa ntchafu, moti mwana akaima bondo likhoza kupindika lokha iye n'kugwa. N'chifukwa chake madokotala ambiri masiku ano amakonda kubaya pakati pa ntchafu, pamene mankhwala amachepetsa ululu koma mphamvu ya mnofu n'kutsalako ndithu. Mufunse kuti mwana wanu adzabayidwa pati, ndiponso kuti dzanzilo lidzatha nthawi yanji. Kawirikawiri limatenga maola a pakati pa 12 ndi 24.

Vuto limabwera motere. Mwana amadzuka ku opaleshoni masana akuseka, n'kumanena kuti sakumva kalikonse, ndipo makolo amaona kuti palibe chifukwa chomupatsira mapiritsi. Kenaka pakati pa usiku dzanzi lija limatha, ndipo nthawi zina limatha mofulumira kwambiri, moti ululu umamupeza mwana m'thupi mulibe mankhwala alionse. Piritsi limene angamwe pa nthawi imeneyo limafuna mphindi 30 kapena ola lathunthu kuti liyambe kugwira ntchito, ndipo ola limenelo ndi limene limasiya mantha aakulu mwa mwana, mpaka mawa lake kukana kuti munthu akhudze mwendowo. Ululu uli ngati moto wa kutchire, umene umazimika mosavuta ukadali pa kamtsitsi ka udzu koma umavuta ukakwera m'mitengo. Mankhwala ayambe kumwedwa madzulo a tsiku la opaleshoni, dzanzi lisanathe, ndipo kwa masiku atatu kapena asanu oyamba azimwedwa motsata wotchi, kaya mwana akudandaula kaya sakudandaula. Usiku woyamba ndi wachiwiri ndi bwino kutchera alamu pafoni n'kumudzutsa kuti amwe.

Mankhwala amene amagwira ntchito yaikulu ndi awiri odziwika kale, Panado ndi bulufeni. Anthu amawapeputsa chifukwa amapezeka m'magolosale, koma akamwedwa pamodzi pa mlingo woyenera amachepetsa ululu kuposa mmene lililonse lingachitire palokha, popeza amagwira ntchito m'njira zosiyana. Panado amachepetsa mmene ubongo ukumvera ululu, pamene bulufeni amalimbana ndi kutupa pamalo ovulala. Mlingo wa Panado kwa ana ndi mamiligalamu 15 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwa thupi, ndiye kwa mwana wa makilogalamu 52 ndi pafupifupi mamiligalamu 750, kutanthauza piritsi limodzi ndi theka la mapiritsi a mamiligalamu 500, maola 6 alionse, osapitirira kanayi pa maola 24. Bulufeni pa msinkhu umenewu amaperekedwa mamiligalamu 400 katatu patsiku, mwana atadya. Ndapereka manambalawa kuti muthe kumva zimene zalembedwa pa kathumba ka mankhwala, koma ngati dokotala amene wamuona mwana wanu walemba mlingo wina, mutsate wakewo ndipo mumufunse chifukwa chake. Mulembe papepala ola limene mwana wamwa mankhwala alionse, chifukwa m'nyumba imene mayi, azakhali ndi agogo onse akusamalira wodwala mmodzi, n'zosavuta kuti mwana amwe kawiri.

Panado wochuluka amawononga chiwindi mwakachetechete, ndipo mankhwala ambiri a chimfine ndi a mutu amakhala kale ndi Panado m'kati mwake, choncho musawonjezere mankhwala ogula pambali osawerenga zimene zilimo. Bulufeni, dayikulofenaki ndi Indocid ndi a banja limodzi, ndipo kuwaphatikiza sikuwonjezera mpumulo, kumangowonjezera chiopsezo cha zilonda za m'mimba ndi kuvulala kwa impso. Mwana amene ali ndi zilonda za m'mimba, matenda a impso, kapena mphumu imene imadzuka akamwa mankhwala a mtunduwu, asamwe bulufeni dokotala asanavomereze, ndipo akayamba kusanza kapena kutsegula m'mimba ayambe wasiya mpaka madzi abwerere m'thupi. Asipulini sitimapereka kwa ana osakwana zaka 16 pofuna kuchepetsa ululu, chifukwa cha matenda a Reye amene amagwira chiwindi ndi ubongo.

Mwina mudzamva ena akunena kuti bulufeni amachedwetsa mtsempha watsopano kumera m'fupa. Nkhawa imeneyi inachokera ku kafukufuku wa pa zinyama, koma kafukufuku wa ku Norway amene anasindikizidwa m'chaka cha 2016, wokhudza odwala oposa 7,000 amene anachitidwa opaleshoni yomweyi, sanapeze kuti kumwa mankhwala otere kwa masiku ochepa kumachititsa kuti mtsempha uduke kachiwiri. Ine ndimaona kuti kumumana mwana bulufeni sabata yoyamba chifukwa cha mantha amenewa ndi kumuvutitsa popanda phindu. Kumwa kwa miyezi ndi nkhani ina, ndipo sikufunika.

Za mankhwala amphamvu amene mukuwaopa, monga mofini, tramadol ndi codeine, mantha anu ali ndi maziko koma asakupangitseni kukana mankhwala pamene akufunikadi. M'chipatala, mofini woperekedwa ndi anamwino pa mlingo woyezedwa tsiku loyamba sachititsa mwana kukhala wokonda mankhwala ozunguza bongo. Chiopsezo chimakula pamene mwana wapatsidwa mapiritsi ambiri opita nawo kunyumba, n'kumamwa kwa masabata, mwina pofuna tulo kapena pothawa nkhawa. Ngati dokotala waona kuti afunika, akhale ochepa, a masiku awiri kapena atatu, omwedwa pokhapokha ululu wapitirira ngakhale Panado ndi bulufeni zamwedwa pa nthawi yake. Muzisunga inuyo pamalo okiya, ndipo otsala muwabweze kufamase. Amadzimbitsa, amachititsa nseru ndi kuwodzera, ndiye mwana azimwa madzi ambiri ndi kudya ndiwo zamasamba ndi zipatso monga mapapaya.

Codeine ndi tramadol ali ndi vuto lawolawo kwa ana. Chiwindi ndi chimene chimasandutsa codeine kukhala mofini, ndipo liwiro limene chimachitira zimenezi limasiyana malinga ndi chibadwa. Ena sapeza mpumulo uliwonse, pamene ena amapanga mofini wambiri mofulumira mpaka kupuma kumachepa, ndipo ku Ethiopia anapeza kuti anthu pafupifupi 29 mwa 100 alionse ali m'gulu lachiwirili. M'chaka cha 2017 bungwe loona za mankhwala la ku America, la FDA, linaletsa kupereka mankhwala awiriwa kwa ana osakwana zaka 12, ndipo linachenjeza kuti asaperekedwe kwa a zaka 12 mpaka 18 amene ali onenepa kwambiri, amene amabanika kutulo, kapena amene ali ndi matenda aakulu a m'mapapo. Ngati mwana wanu amaliza mkonono kwambiri kapena amaoneka ngati wasiya kupuma akagona, mumuuze dokotala wogoneka odwala. Mwana amene wamwa mankhwala amphamvu n'kumavuta kudzutsa, kapena kumapuma pang'onopang'ono, afunika kuthamangira naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Gawo lalikulu la ululu wa sabata yoyamba limachokera ku kutupa, ndipo apa ndi pamene nkhani ya agogo ikulowa. Kuthowa kuli ndi malo ake pa minofu yotopa, koma pa bondo limene langochitidwa opaleshoni kutentha kumatsegula mitsempha ya magazi, kutupa kumawonjezeka, ndipo madzi akanyowetsa bandeji majeremusi amapeza njira yolowera pabala. Chimene bondoli likufuna ndi kuzizira. Madzi oundana okulungidwa mu kansalu aziikidwa pabondo kwa mphindi 15 mpaka 20, maola awiri kapena atatu alionse masana, ndipo asagunde khungu mwachindunji, makamaka dzanzi likadalipo, popeza mwana sangamve kuti khungu likupsa ndi kuzizira. Ngati kunyumba kulibe filiji, mafilizesi angapo oikidwa m'jumbo youma n'kukulungidwa m'chitenje amazungulira bondo bwino ndithu. Agogo muwafotokozere mwaulemu, ndipo muwapatse ntchito imeneyi kuti akhale iwo oyang'anira nthawi yoziziritsa bondo, chifukwa chimene akufuna ndi kuthandiza mdzukulu wawo. Kutema mphini kapena kupaka mankhwala azitsamba pafupi ndi mabala kukanidwe kotheratu, pakuti m'bondomo muli tizipangizo togwira mtsempha, ndipo majeremusi akafika pamenepo mwana angafunike opaleshoni ina yotsuka bondo.

Mwendo uzikhala pamwamba kuposa chifuwa mwana akagona, koma malo oika pilo ndi ofunika kwambiri. Mwana aliyense amapempha kuti pilo aikidwe kunsi kwa bondo, chifukwa bondo lopindika pang'ono limapepukidwa msanga, ndipo mayi wachifundo amamuikira. Bondo likakhala chopindika usana ndi usiku kwa masabata awiri kapena atatu, zipsera za m'kati zimauma lili choncho, mwana n'kudzayamba kuyenda motsimphina, ndi ululu wa patsogolo pa bondo umene ungatenge miyezi, mwinanso kufuna opaleshoni yachiwiri. Pilo aziikidwa kunsi kwa katumba ndi chidendene, bondo lili lowongoka. Kangapo patsiku mwana aziika chidendene chokha pa thaulo lopinda, kunsi kwa bondo kuli mpata, n'kulola kulemera kwa mwendo kuwongole bondo kwa mphindi zisanu kapena khumi. Zimakoka kuseri kwa bondo ndipo sizisangalatsa, koma pa zonse zimene ndalemba pano, ichi ndi chimene sindingalole kuti chidumphidwe.

Mafizo amayamba tsiku lotsatira opaleshoni, ndi zinthu zazing'ono: kugwedeza phazi m'mwamba ndi pansi kuti magazi aziyenda, kukanikiza bondo pamatiresi polimbitsa mnofu wa pantchafu kwa masekondi asanu, ndi kukoka chidendene pang'onopang'ono kulowera kumatako. Bondo lotupa limachititsa kuti ubongo uleke kulamula bwino mnofu wa pantchafu, moti mwana amayang'ana ntchafu yake akufuna kuilimbitsa koma osatheka, ndipo pakangopita masiku ochepa ntchafuyo imayamba kuonda. Mankhwala amwedwe mphindi 30 mpaka ola limodzi mafizo asanayambe, ndipo akatha bondo liziziritsidwe. Ululu wokoka umene umazirala pakapita ola limodzi kapena awiri ndi wovomerezeka. Ululu wobaya, kapena bondo kudzuka m'mawa litatupa kuposa dzulo, ndi chizindikiro chakuti ntchito inachuluka ndipo iyenera kuchepetsedwa, osati kusiyidwa. Ana ambiri amakhala atawongola bondo lonse ndi kulipinda mpaka madigiri 90 pomatha masabata awiri, koma ngati dokotala anasokanso kamnofu kolimba ka pakati pa mafupa kotchedwa meniscus, malamulo a kupinda ndi kuponda amakhala okhwima, ndipo ndodo zoyendera zingagwiritsidwe ntchito masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi.

Panyumba pali zinthu zimene mungakonze panopa. Ngati chimbudzi chanu n'chokumba, mwana sadzatha kunjuta kwa masabata ambiri, ndiye mupezeretu mpando wobooledwa pakati woika pamwamba pa dzenje. Ngati amagona pamphasa, mumupezere bedi kapena matiresi okwezeka, chifukwa kudzuka kuchokera pansi ndi mwendo umodzi kumapweteka ndipo n'kumene ambiri amagwera. Mufotokozerenso akuluakulu a pabanja kuti mtsikanayu sadzagwada popereka moni kapena madzi kwa miyezi ingapo, ndipo asamuone ngati wataya ulemu. Kusukulu angabwerere pakatha sabata imodzi kapena awiri, malinga ngati pali poika mwendo m'kalasi ndipo sakuyenda mtunda wautali.

Mantha amakulitsa ululu, ndipo mwana amawerenga nkhope ya mayi ake. Mukamufunsa mphindi iliyonse kuti kukuwawa, maganizo ake onse amapita pabondo. Ndi bwino kumufunsa katatu kapena kanayi patsiku kuti atchule nambala pakati pa 0 ndi 10, pamene 0 ndi kusamva kanthu ndipo 10 ndi ululu woopsa kwambiri umene angauganizire. Akatchula 3 kapena 4 n'kumatha kudya, kucheza ndi kugona, zinthu zili bwino. Akatchula 7 kapena kuposa, ola litadutsa chimwereni mankhwala, muimbire achipatala. Achinyamata okonda masewera ena amabisa ululu poopa kuti aletsedwa kubwerera m'bwalo, choncho muziyang'ananso mmene akugonera ndi mmene akudyera. Anzake a m'timu akamabwera kudzacheza amathandiza kwambiri, chifukwa mwana amene wachotsedwa mwadzidzidzi pa masewera amene amawakonda amagwidwa ndi chisoni chimene akuluakulu sachiona msanga.

Zina zimene mudzaone n'zoopsa m'maso koma n'zachizolowezi. Khungu likhoza kuda kapena kusintha mtundu kuyambira kuseri kwa ntchafu mpaka kukakolo, chifukwa magazi amatsikira m'munsi. Mwendo umagunda ndi ululu mwana akangoutsitsa pabedi, kenaka n'kuzirala. Pamakhalanso kachigawo ka khungu kadzanzi kunja kwa bala cha kumsongolo, kamene kamachepa pakapita miyezi ngakhale kuti mwa ena sikatheratu. Chimene chiyenera kukudetsani nkhawa ndi ululu umene ukukula m'malo mochepa tsiku lachitatu litadutsa. Bondo likatentha, kutupa kwambiri, kutuluka mafinya kapena madzi pabala, mwana n'kumatentha thupi kufika madigiri 38 kapena kunjenjemera, mupite kwa amene anachita opaleshoni tsiku lomwelo. Kwathu kuno thupi likatentha timathamangira kuganiza za malungo, ndipo kuyezetsa malungo n'koyenera, koma bondo lionedwe ndithu ngakhale malungowo atapezeka. Katumba wotupa, wolimba ndi wopweteka angatanthauze kuti magazi aundana mumtsempha, ndipo kupweteka pachifuwa kapena kubanika mwadzidzidzi ndi ngozi yofuna chithandizo mwamsanga. Mapiritsi ena olera amawonjezera chiopsezo chimenechi, n'chifukwa chake dokotala angafune kulankhula ndi mtsikanayu payekha, ndipo mumulole. Phazi lozizira, lotuwa kapena losatha kugwedezeka dzanzi litatha, komanso ululu wotentha ngati moto umene ngakhale chofunda chikakhudza khungu mwana amalira, nazonso zifuna dokotala osachedwa.

Ana ambiri amasiya kumwa mankhwala motsata wotchi pakatha sabata imodzi, ndipo pomafika masabata awiri amangomwa Panado wa apo ndi apo, makamaka pa nthawi ya mafizo kapena pogona. Apa pamabuka vuto lina, lakuti ululu umatha msanga mtsempha watsopano usanakhwime. M'miyezi iwiri kapena itatu yoyamba mtsemphawo umakhala ukusinthika ndi kumera m'fupa, ndipo umakhala wofooka pa nthawi yomwe mwana akuona ngati wachira. Kafukufuku wasonyeza kuti mwa achinyamata osakwana zaka 25 amene amabwerera ku masewera odumpha ndi otembenuka mwadzidzidzi, pafupifupi mmodzi mwa anayi kapena asanu amadulanso mtsempha, wa bondo lomwelo kapena linalo. Akatswiri amene anasonkhanitsidwa ndi komiti ya masewera a Olimpiki, mu lipoti lawo la 2018, analangiza kuti ana asabwerere ku masewera otere miyezi 12 isanakwane. Katswiri wa ntchemberembaye wa kuno ku Malawi, Mwawi Kumwenda, anaduka mtsempha womwewu m'chaka cha 2018 akusewerera timu ya Melbourne Vixens ku Australia, ndipo ngakhale anali ndi madokotala ndi akatswiri a mafizo omuyang'anira tsiku ndi tsiku, anabwerera m'bwalo chaka chotsatira. Mwana wanu asadzamwe mapiritsi opha ululu kuti athe kusewera, ndipo aphunzitsi a masewera kusukulu adziwitsidwe kuti chilolezo chobwerera chidzachokera kwa dokotala ndi a mafizo, akadzamuyeza n'kupeza kuti mphamvu ya mwendo wochitidwa opaleshoni yafika pa magawo 90 mwa 100 a mwendo winawo, ndiponso kuti akutha kudumpha ndi kutera bondo lisakugwera m'kati.